Wailesi Ilibe Milomo

4 Febuluwale

Mafunso mwana wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino kudziko lozizirako. Kuno tadzuka. Mng'ono wako Mzime ali bwino, mwamuna wake nayenso akuyenda, ngakhale masiku ano wanenepa moti mimba ndi imene imayamba kulowa pakhomo iye n'kumatsatira. Ine maondo okha ndi amene akuchita mwano.

Mvula ya sabata ino: mamilimita 41. Chaka chatha sabata ngati yomweyi inali 88. Ku ofesi ya zanyengo anandipumitsa ntchito, koma chitini changa choyezera mvula chili pomwe chinali, kuseri kwa nyumba pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, ndipo 7 koloko m'mawa uliwonse ndimapita kukachiona. Kope limene ndikulembamo pano ndi la nambala 43.

Pulogalamu yako ya Lachisanu ndinaimvera yonse. Katswiri wa zachuma uja, amene amafotokoza mmene nkhondo ya kutali ikukwezera mtengo wa buledi kwa ife osamenya nawo, unamugwira bwino. Pamene ananena kuti misika idzadzikonza yokha, iwe n'kufunsa kuti, "Nanga mayi amene ali pamzere wa buledi lero adikire mpaka liti?" ndinaomba m'manja. Koma unamudula mawu kawiri. Munthu akayamba kutsokomola asanayankhe, musiye, ndiye kuti choonadi chamuima pakhosi. Tinakutcha Mafunso uli ndi zaka zinayi, utatifunsa chifukwa chake mbuzi yaikazi ili ndi ndevu, koma malemu mayi ako ankati vuto lako n'lakuti sudikira yankho. Ukadali nalo pang'ono.

Za foni usadzivutitse. Mzime akuti unaimba kawiri n'kumafuna ine. Ndinakuuza kale kuti foni ndi ya anthu opupuluma. Kalata ndimaiwerenga katatu n'kuisunga m'chitini cha mabisiketi. Nanga foni ndingaisunge pati?

Undiuze za kumeneko. Chifuwa chija chinatha? Kodi ukudya, kapena ukungomwa khofi n'kumakangana ndi andale?

Ndine bambo ako.

20 Febuluwale

Bambo anga okondedwa,

Kalata yanu ndalandira, zikomo. Chifuwa chinatha, ndipo ndikudya, mtima ukhale m'malo. Mundiperekere moni kwa Mzime ndi alamu, muwauze kuti chitsekocho sitikulitsa.

Anthu ambiri amandilembera za pulogalamu, ena kuyamikira, ena kutukwana, koma kalata imene ndimaiyembekezera ndi yanu. Ndimaiwerengera mu situdiyo momwemo, kachipinda kopanda zenera kamene makoma ake anamatamo masiponji kuti phokoso lisalowe. Nyale yofiira ikayaka pamwamba pa chitseko, sindiganiza za anthu ochuluka amene abwana amati akumvera. Ndimaona inu, mutakhala pampando wanu wa pabalaza, wailesi ili patebulo, pensulo ili kukhutu. Ndikamafunsa, ndimafunsira inu. Ndinakuuzanipo kale zimenezi, koma ndibwereze.

Lachisanu la pa 9 Malichi musaphonye. Ndidzacheza ndi nduna ya dziko lina la pachilumba, kumene nyanja ikukwera chaka ndi chaka mpaka manda a makolo awo ayamba kulowa m'madzi. Ndunayi imapita kumisonkhano ikuluikulu ya zanyengo n'kumagwetsa misozi pamaso pa atolankhani, koma kwawo inavomereza kuti mitengo ya m'mbali mwa nyanja idulidwe kuti pamangidwe mahotela. Ndaisakasaka miyezi itatu. Ndidzaifunsa za mahotelawo, ndipo ikatsokomola ndidzadikira.

Tsopano pempho langa. Tikukonza pulogalamu ya anthu wamba amene aona nyengo ikusintha ndi maso awo, osati pakompyuta. Tapeza kale msodzi ndi mayi wina woweta njuchi. Ndinauza anzanga kuti bambo anga ali ndi makope 43 a mvula ya malo amodzi, osadumpha tsiku ngakhale limodzi, ndi tsiku lomwe tinaika mayi lomwe. Bambo, ndiloleni ndicheze nanu pawailesi. Ndidzaimba pafoni ya Mzime, mphindi khumi zokha. Ndafunsa akuluakulu a mayiko ambiri, koma munthu amene anandiphunzitsa kuti safunsa anadya phula sindinamufunsepo kanthu.

Mwana wanu,
Mafunso

11 Malichi

Mafunso,

Moni wochokera kuno. Ndili bwino.

Mvula ya sabata ino: mamilimita 17.

Nduna ija ndinaimva. Unaipanikiza ndithu, mwana wanga. Utafika pa nkhani ya mahotela inasowa pogwira, ndipo unadikira bwino monga ndinakuuzira. Ndinanyadira kwambiri. Anthu a pachilumbawo ndawamvera chisoni. Manda kulowa m'madzi si zinthu.

Zoti ine ndilankhule pawailesi, ayi. Ndine munthu wa manambala, pakamwa panga n'polemera. Funsa anthu a ku ofesi ya zanyengo, ali ndi makina ndi matayi. Usaimbe foni, sindidzayankha. Nkhaniyi ithere pomwepa.

Mzime kulibe. Anapita kumaliro a apongozi ake aakazi, atha sabata yathunthu. Ndikudziphikira ndekha, ndipo mpaka lero mphika sunandimenye.

Ndine bambo ako.

28 Malichi

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Mzime ndamupepesa kale pafoni za malirowo.

Bambo, nduna ija sinabwere. Kutatsala ola limodzi, mlembi wake anaimba foni kuti yadwala mwadzidzidzi. M'malo mwake tinaika nyimbo, kenako tinabwereza zokambirana zakale ndi woimba wina amene anathawa kwawo. Lachisanu limenelo ine ndinangopereka moni ndi kupepesa, basi. Za mahotela sizinatchulidwe n'komwe.

Ndiye inu munamva nduna iti?

Kalata yanu ndinaitsegulira mu situdiyo monga mwa masiku onse. Ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinatuluka kukaima pamasitepe chifukwa sindinafune kuti anzanga andione nkhope. Kufika kunyumba ndinatulutsa makalata anu onse, n'kuyamba kuwawerenga, koma sindikudziwanso kuti ndi ziti zimene munamvadi ndi ziti zimene munangolemba kuti mwana asangalale. Wandale akandiphimba m'maso ndimadziwa chochita, ndimamufunsanso. Inu sindikudziwa kuti ndikutani.

Ngati ntchito yanga imakutopetsani, nenani. Ngati mumachita nayo manyazi, mwana wamkazi kumakangana ndi akuluakulu pagulu, nenaninso. Foni mukukana, wailesi mukukana. Patha zaka zisanu ndi chimodzi ndisanabwere kunyumba, ndipo mwina mlandu wanga ndi umenewu. Ngati ndi choncho ndiuzeni poyera, ndi bwino kundikalipira kusiyana n'kundiyamikira zabodza. Zandipweteka, Bambo. Lachisanu lapitali nyale yofiira itayaka ndinayang'ana pampando wanu uja, ndipo sindinaonepo munthu.

Za pulogalamu ya zanyengo sindikuvutitsaninso.

Mafunso

19 Epulo

Achemwali,

Moni. Kuno tili bwino pang'ono. Kalatayi ndikulembera kushopu, patebulo lodulira nsalu, Bambo sakudziwa. Pafoni ndalephera kukuuzani chifukwa ndikangomva mawu anu ndimakumbukira kuti ndinalumbira. Koma lumbiro limene likudwalitsa munthu ine ndaliphwanya, andikwiyire akafuna.

Achemwali, Bambo samva. Makutu onse awiri. Patha zaka ziwiri.

Zinayamba pang'onopang'ono, ife n'kumati ndi ukalamba, akusankha zomva. Ndiye tsiku lina masana kunagwa chimvula champhamvu, ine ndinachokera kushopu nditanyowa mpaka mkati. Ndinawapeza pabalaza akumanga magalasi awo ndi ulusi, malata akuchita kulira moti munthu sukanamva mnzako. Atandiona anaseka n'kuti, "Iwe, wagwera mumtsinje?" Ndinawalozera pazenera. Anayang'ana mvula, anayang'ana kudenga, anayang'ananso mvula. Anangotenga ambulera n'kupita kuchitini chawo chija. Munthu amene ankatiuza mamilimita pongomvera malata, inu mukudziwa.

Kuchipatala anati palibe chochita. Anawapatsa kachipangizo koika m'khutu, koma akuti kamangolira mluzu, kali m'dilowa. Panjira pobwerera anandigwira mkono n'kuti, "Mkulu wako asadziwe." Foni anayamba kuikana tsiku limenelo.

Ndiye pulogalamu yanu amaimva bwanji? Amaimva ndi dzanja langa ili. Lachisanu lililonse ndimatseka shopu ikamakwana 4 koloko masana, makasitomala akung'ung'udza, n'kupita kukakhala pambali pawo ndi kope. Inu mukamalankhula ine ndimalemba. Zimene zandipitirira ndimazimveranso pafoni n'kudzaza. Amafuna zonse: mlendo akatsokomola ndilembe, akaseka ndilembe, inu mukamudula mawu ndiike kamtanda. Iwo amaika chikhatho pawailesi kuti azimva kunjenjemera, akuti amadziwa pamene mukulankhula inu ndi pamene akulankhula mlendo. Kenako amawerenga kope lonse ndi pensulo ngati mphunzitsi. Ine telala, pano ndikudziwa za madzi oundana amene akusungunuka kumalekezero a dziko, ndi za zisankho za mayiko amene sindingawaloze pamapu. Amayi ena atabwera kudzayesa diresi ndinawafotokozera za mitengo ya tirigu mpaka anaiwala chimene anabwerera.

Pa 9 Malichi ndinali kumaliro. Ndinawauza kuti apemphe aneba, anakana, akuti nkhani ingafalikire. Anakhala okha ndi wailesi, dzanja lili pamenepo ola lonse, osadziwa kuti ndi nyimbo. Sanafune kuti sabata ya nduna imene munaisaka miyezi itatu idutse opanda mawu awo. Ndiye anatenga kalata yanu yonena za ndunayo n'kulemba zimene anakhulupirira kuti mwana wawo wachita. Pobwera ndinapeza atatumiza kale.

Kalata yanu ya pa 28 itafika anaiwerenga kamodzi kokha, osati katatu. Sanaiike m'chitini cha mabisiketi, ili m'thumba la malaya. Akudya ngati mbalame. Ndipo achemwali, masiku awiri otsatira sanapite kukayeza mvula. Mu kope la 43 muli mizere iwiri yopanda kanthu. Ine ndi zimenezo zandiopsa.

Sindikukuimbani mlandu, bodza analembadi. Koma ndinene, poti ndine mng'ono wanu ndipo muli kutali simungandimenye. Inu mumafunsa dziko lonse, koma simunafunsepo chifukwa chake munthu amene ankakuimbirani foni Lamlungu lililonse anangosiya mwadzidzidzi. Ine ndinkadikira kuti mufunse, ndikanayankha.

Alembereni. Musawalilire m'kalatamo, mukudziwa mmene alili.

Mng'ono wanu,
Mzime

6 Meyi

Bambo anga,

Moni. Mzime wandiuza zonse. Musamukalipire, ndipo mukamukalipira dziwani kuti ndamuuza kuti azingotembenuka, mukhale mukukalipira msana.

Pepani, Bambo. Ntchito yanga yonse ndi kumvetsera zimene munthu sakunena, koma kwa inu ndinamva bodza limodzi lokha n'kulephera kumva zaka ziwiri zathunthu. Mayi ananena zoona, sindidikira yankho. Ndinafunsa kuti munamva nduna iti, n'kudziyankha ndekha pomwepo. Ndachita manyazi, ndipo ndalira, ngakhale Mzime anandiletsa kulemba zimenezo.

Ndinati sindikuvutitsaninso za pulogalamu. Ndabweza mawu. Mu envelopu muno mupezamo mapepala anayi, lililonse lili ndi funso limodzi, ndalemba ndi zilembo zazikulu. Musawawerengeretu. Mzime azikuonetsani limodzilimodzi, inu muziyankha, iye azijambula mawu pafoni. Foniyo aiike patebulo pamwamba pa nsalu yopindapinda, atseke mawindo, ndipo alamu akhale panja chifukwa amapuma mokweza. Mulankhule chinenero chathu mmene mumalankhulira kunyumba, ine ndidzamasulira pamwamba pa mawu anu. Palibe amene adzakudulani mawu. Pepala silidula munthu mawu.

Mafunso atatu oyamba ndi a wailesi. Funso lachinayi ndi langa ndekha, pamenepo Mzime azimitse foni. Mukafuna mudzandiyankhe m'kalata, mukapanda kufuna ndidzadikirabe.

Ndipo Bambo, mizere iwiri ija musaisiye choncho. Lembanipo kuti mwana anandikwiyitsa. Zimenezonso ndi nyengo.

Mwana wanu,
Mafunso

17 Juni

Mafunso mwana wanga,

Moni. Ndachedwa kuyankha dala, ndinafuna pulogalamu iuluke kaye. Mzime ndinamukalipira, anatembenukadi. Mwagwirizana ana inu.

Mvula: mwezi uno palibe. Koma pa 26 Meyi kunagwa mamilimita 23, ndipo umve mmene zinakhalira.

Limenelo ndi tsiku limene tinajambula. Ndinavala tayi, Mzime n'kumaseka kuti wailesi siona. Ndinamuuza kuti ine ndikuona. Pepala loyamba unafunsa za tsiku langa loyamba pantchito, ndinafotokoza mmene ndinatayira madzi a m'chitini ndisanawayeze chifukwa cha mantha, n'kukaulula ndekha kwa abwana. Pepala lachiwiri unafunsa chimene chasintha. Ndinati kale mvula inkabwera ngati mlendo waulemu, inkagogoda n'kukhalitsa. Masiku ano imathyola chitseko kapena osabwera n'komwe. Ukaphatikiza ya chaka chonse sinachepe kwambiri, koma imene inkagwa m'masiku makumi asanu ndi limodzi pano ikugwa m'masiku makumi atatu, ndipo nthaka siingamwe msangamsanga choncho.

Ndili pakati pa yankho limenelo ndinaona Mzime akuyang'ana kudenga. Ndinadziwa. M'makope anga onse 43, sabata yomaliza ya Meyi sinagwepo mvula yoposa mamilimita awiri. Ndinaimirira n'kupita pakhomo, foni ikujambulabe, ndipo ndinanena mawu ena amene sindinkadziwa kuti akulowa. Mzime akuti sunawachotse. Akuti dziko lonse linandimva ndikunena kuti, "Taonani, sindikunama." Akutinso unasiya mvulayo ikulira pamalata kwa kanthawi, osalankhulapo iwe, osamasulira chilichonse.

Pepala lachitatu unafunsa chimene ndingawauze akuluakulu amene amasonkhana kukambirana za nyengo. Ndinati asanakhale pamipando yawo, aliyense atuluke panja 7 koloko m'mawa akayang'ane m'chitini, alembe zimene wapeza, osati zimene akanakonda kupeza. Nditanena zimenezo ndinatsokomola, chifukwa ndinakumbukira kalata yanga ya pa 11 Malichi.

Lachisanu lapitali tinakhala pabalaza. Mzime analemba monga mwa masiku onse, koma ndinamuuza kuti asandipatse kope mpaka ithe. Ndinaika dzanja pawailesi. Msodzi ndi mayi wa njuchi sindinawazindikire, koma iwe ndinakudziwa, umanjenjemeretsa wailesi mofulumira ngati makina a Mzime. Kenako panabwera wina wolankhula pang'onopang'ono, mawu olemera, ndipo Mzime anandiloza pachifuwa. Kenako china chake chosalekeza, chating'onoting'ono, chikuyenda m'chikhatho monse. Ndinayang'ana kope. Mzime anali atalemba kuti mvula. Patha zaka ziwiri, mwana wanga, ndipo ndaimvera m'dzanja kudzera kudziko la eni.

Aneba anamva. Pano msewu wonse ukudziwa kuti ndine gonthi, popeza unanena wekha poyambirira, nditakuloleza kudzera kwa Mzime. Palibe amene wafa nazo. Wogulitsa nyuzipepala wayamba kundilankhula ndi manja ngati wapolisi wa pamsewu.

Tsopano pepala lachinayi. Unalemba kuti, "Munaopa chiyani?"

Ndinaopa mpando uja. Unkandiuza kuti nyale yofiira ikayaka umaona ine. Ndinati mwanayu ali yekha kudziko lozizira, akulimbana ndi anthu amphamvu, ndipo chimene chikumulimbitsa ndi chakuti bambo ake akumva. Akadziwa kuti sakumva, adzayang'ana ndani? Chinanso, ndisakunamize kachiwiri, ndinachita manyazi. Bambo wa mwana wa pawailesi kukhala wosamva, ndinaona ngati anthu aseka. Zaka 43 sindinalembepo milimita imodzi yabodza, koma ndinanamiza mwana wanga ndi tsamba lathunthu. Undikhululukire. Pamizere iwiri ija sindinalembe kuti unandikwiyitsa. Ndalemba kuti, "Sindinayeze."

Za zaka zisanu ndi chimodzi zija sindinakusungirepo mlandu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma poti wandiphunzitsa kuyankha zoona, nane ndipemphe. Mzime ndimamumva ndi maso. Akayang'ana kwa ine n'kulankhula pang'onopang'ono ndimawerenga milomo yake, ngakhale pamene akundinena. Koma wailesi ilibe milomo. Mawu ako sindidzawamvanso, zimenezo ndavomereza. Nkhope yako ndiye ikadalipo. Bwera nayo.

Ndine bambo ako.

2 Julayi

Bambo,

Moni. Abwana andipatsa tchuthi cha mwezi wathunthu, pulogalamu agwirizira mnzanga. Mzime apume, atsegule shopu yake Lachisanu.

Ndifika pa 4 Ogasiti masana. Mundidzutse 7 koloko mawa lake, ndikufuna ndikaone nawo m'chitini, ngakhale mukhale mopanda kanthu.

Mafunso ndili nawo ambiri, koma sindiwalemba papepala. Ndidzakhala pafupi ndi zenera pamene pali kuwala, ndidzayang'ana kwa inu, ndidzalankhula pang'onopang'ono. Ndipo ndidzadikira yankho.

Mwana wanu,
Mafunso